Mvula ya M'kapu

"Tabwezani kapuyo! Ndati tabwezani, atate ake Abel!"

"Nanga mukufuuliranji m'mawa muno ngati kwagwa maliro? Ndi kapu imodzi yokha iyi."

"Imodzi yokha? Dzulo imodzi, dzana imodzi. Ine kumagenda mbuzi za eni ake, kumati ndizo zikundithera madzi mumtsuko, osadziwa kuti mbuzi yake ndi ya miyendo iwiri, yovala chipewa! Madzi amenewa mukudziwa kumene achokera? Ine ndi mtengwa wanu tafukula mchenga kumtsinje ndi zala izi mpaka zikhadabo kuthyoka. Mdzukulu wanu sanasambe masiku atatu. Ndiye inu muzimwetsa chitsulo?"

"Si chitsulo wamba ichi, amake Abel. Zimene simukuzidziwa muzifunsa. Safunsa anadya phula."

"Ndafunsatu. Yankhani."

Zelipa anatuluka m'nyumba buku lili m'manja, chala chili pa tsamba limene anasiyira. Anapeza atate ake, a Matiyasi Daka, atakwera pa mtondo wozondotsa, kapu yofiira ili m'mwamba, amayi ake, a Ketilina, atawagwira mwendo wa buluku. Pakhonde panakhala mlamu wake Sesiliya, mkazi wa mlongo wake Abel amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito zaka zinayi zapitazo, osalembako ngakhale kalata imodzi. Pamiyendo ya Sesiliya panagona Dolika, mwana amene Abel anamusiya ali m'mimba.

Chimene ankakanganirana chinaima pakati pa bwalo: bokosi lotuwa, lalikulu ngati sutukesi ya mwana wasukulu, lomangiriridwa pa mzati wachitsulo. Pamwamba pake panali chikho choyasamira kumwamba, mbale yakuda yomwa dzuwa ndi waya wautali. Analiika mu Okutobala anthu a bungwe lina logawa chimanga, amene m'midzi ya ku Madzimoyo ankangowatchula kuti a pulojekiti. Mvula ikagwa, madzi ankalowa m'chikhomo n'kudonthera pa kasupuni, kasupuniko kakadzaza kankapendama n'kulira kuti kha! Bokosilo linkawerenga kulirako, ndipo m'mawa mwake linkatumiza lokha kalata yopanda pepala, yotchedwa imelo, kudzera pa wayilesi mpaka ku ofesi ku Chipata, kuchoka apo pa lamya kukafika ku Lusaka. Tsiku lopanda mvula silinkalemba kanthu, kuopa kutha batire. A Daka anawasankha kukhala olisunga, n'kuwapatsa chipewa ndi njinga.

"Tamverani," anatero a Daka. "Chigwereni mvula pa Khirisimasi, kumwambaku kwangoti mbee. Bokosili likakhala chete milungu ingapo, mabwana adzati lafa. Adzabwera kudzalizula, akaliike kwina."

"Alizule! Tidya bokosi?"

"Akalizula atenganso njinga."

"Hoo! Ndiyetu nenani choncho. Njinga! Munthu wa imvi kumaba madzi a mdzukulu wake chifukwa cha belu ndi matayala awiri."

A Daka anapendeketsa kapu ija pang'onopang'ono, madzi n'kulowa m'chikho. Kha! Kha! Kha! A Ketilina anawasiya mwendo, anaomba m'manja kamodzi n'kulowera kuseri kwa nyumba akudziyankhulira okha.

Zelipa anaseka. Nkhaniyi anaiona ngati misala yaing'ono ya anthu okalamba. Iye anali atamaliza giredi 12 chaka chathachi ndipo mtima wake sunali m'mudzimo. Unali pa msewu, kudikira kulira kwa njinga yamoto ya Gerson, mnyamata wa pulojekiti amene ankabwera mwezi uliwonse kudzaona bokosilo, n'kumamubweretsera mabuku a nkhani zachikondi okutidwa ndi nyuzipepala.

"Iwe Zelipa, tabwera kuno," atate ake anamuitana atatsika pa mtondo paja. Anatulutsa buku lawo la mapemphero m'thumba la jekete. Mkati mwake munali pepala lopindidwa kanayi limene Gerson anawapatsa, kalata yoyamba imene bokosi linalemba. Pamwamba panali zilembo zazikulu: DAKA M. "Iwe unaphunzira. Kalata ngati iyi ikafika ku Lusaka, amaipachika pakhoma kuti aliyense wodutsa aione?"

"Kaya, atate. Mwina."

"Gerson ananena kuti dzina langa limafika ku Lusaka dzuwa lisanakwere."

"Ngati ananena ndi Gerson ndiye kuti n'zoona."

A Daka anagwedeza mutu, anapindanso pepala lija n'kupita pakhonde. Anamusisita Dolika patsaya. Mwanayo anamutcha dzina la mayi awo omwe anamwalira kalekale, choncho ankamuitana kuti amayi. "Mwadzuka bwanji, amayi anga?" Dolika anangowayang'ana. Tsitsi lake linali litayamba kufiira.

Febuluwale anafika pakati mvula osagwa. Nkhokwe zinali zitatha kale mu Disembala, chifukwa chaka chathacho sanakolole zambiri. Anthu ankadalira kuti maungu ndi chimanga chachiwisi ziwaolotsa, koma maungu anafota asanayale, chimanga chinapinda masamba ngati anyezi n'kuuma chisanamasule. Kwa a Daka ankadya kamodzi, phala la gaga ndi masamba a chisoso. Kenaka malole a pulojekiti anayamba kudutsa pa msewu waukulu atadzaza matumba. Anakatsitsa kumidzi ya kutsidya, anakatsitsa cha ku Mwami. Ku midzi isanu ndi umodzi yozungulira bokosi la a Daka sanakhotereko.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero a Getrude, wapampando wa amayi a kutchalitchi, Misa itatha. "Mawa tipite tokha ku ofesi. Zelipa, iwe udziwa Chizungu, utiperekeze."

Ananyamuka amayi khumi ndi mmodzi, wapansi. A Getrude ananyamula phesi la chimanga lozula ndi mizu yomwe. Anafika m'tauni dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pa kapinga wa ofesiyo maola awiri mlonda asanalole atatu okha ndi Zelipa kulowa.

Mkulu wa ofesiyo, a Zimba, anali munthu waulemu. Anawapatsa mipando, anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatembenukira ku kompyuta yawo n'kudinadina.

"Amayi, pepani. Kwanuko mvula ikugwa."

"Ikugwa kuti, abwana?"

"Kwanu. Kuyambira pa 12 Januwale yagwa pafupifupi tsiku lililonse. Yapang'ono, koma yokwanira mmera. Chimanga chathu n'chochepa, tikupereka kumene kwaumiratu."

A Getrude anaika phesi lija patebulo. Masamba ake anachita tswatswa, dothi louma n'kuyoyokera pa mapepala. "Nanga ichi chamera kuti?"

"Phesi louma munthu akhoza kulitola paliponse, amayi. Sindikuti mukunama. Koma ndakhala pa ntchito ino zaka zisanu ndi ziwiri. Kukamveka za chimanga chaulere, mudzi uliwonse umasanduka wachilala, akufa amauka n'kulembetsa maina. N'chifukwa chake tinagula makina. Makina alibe m'bale, alibe mimba."

"Tiyeni mukaone nokha. Si kutali."

"Galimoto tili nayo imodzi, midzi ndi mazana. Ndikamatsata aliyense wolira, ntchito iima." Anatembenuza galasi la kompyuta. "Mwana wasukuluyu awerenge yekha, akuuzeni."

Zelipa anayandikira. Mizere inali ndondondo kuchokera pamwamba mpaka pansi. DAKA M, 9. DAKA M, 10. DAKA M, 9. DAKA M, 10. Mvula yanji yogwa mofanana tsiku ndi tsiku, ngati yoyeza? Panali malo amodzi okha opanda kanthu, masiku awiri otsatizana kumayambiriro a Febuluwale. Zelipa anawadziwa masikuwo. Ndi pamene atate ake anapita kukagona ku maliro a msuweni wawo ku Mwami.

"Palembedwa chiyani, mwanawe?" anafunsa a Getrude.

Zelipa anawayang'ana, anayang'ana amayi ena awiri aja, milomo yawo itang'ambika ndi ludzu. Akanangonena mawu atatu okha. Koma mawu atatuwo anali ndi dzina la atate ake mkati.

"Palembedwa zimene anena abwanazi," anatero.

Ulendo wobwerera palibe anayimba nyimbo.

M'mawa mwake Zelipa anawapeza atate ake akuzondotsa mtondo. Anawalanda kapu ija n'kuiponya, inakagunda nkhokwe yopanda kanthu.

"Iwe! Wapenga?"

"Mwapenga ndinu, atate! Kapu yanuyi yatsekereza malole. Midzi isanu ndi umodzi ikugona ndi njala chifukwa cha inu!"

A Ketilina anatuluka akumanga chitenje. Zelipa anafotokoza zonse, za galasi, za manambala, za masiku awiri a ku Mwami. Pamene ankamaliza, a Daka anali atakhala pa mtondo paja manja ali lende.

"Sanandiuze," ananong'ona. "Anati n'zongofuna kudziwa nyengo. Sanandiuze kuti chimanga chimatsata bokosi."

"Ndiye lero mwadziwa. Kwerani njinga yanuyo mukawauze."

"Ayi!" A Ketilina ndi amene anakuwa. "Ayi, Zelipa. Ukudziwa chimene ukunena? Kwa a Alfonsi anaika mwana Lachiwiri. Kwa a Getrude agogo sakudzuka. Anthu akamva kuti ndi atate ako, nyumba ino igona ndi denga? Adzati ndi ufiti, adzati anawalipira. Munthu wanjala safunsa kawiri."

"Amayi, ndinu munkawakalipira dzana lomweli!"

"Ndinkakalipira mwamuna wanga, m'bwalo langa. Zimenezo n'zanga. Koma sindingamupereke kwa anthu. Asiye kuthira basi. Bokosi likhala chete, mabwana aona okha kuti kwauma."

"Aona liti? Mndandanda analemba kale. Mwana wosalira amafera mu mbereko."

"Nanga wolira kwambiri saitana afisi? Iwe ndi mwana, Zelipa. Sukulu yakupatsa pakamwa, koma sinakupatse mudzi wina wothawirako."

Zelipa anatembenukira kukhonde. "Alamu, nenaniko kanthu. Mwana ndi wanu."

Sesiliya anali akukanikiza phazi la Dolika ndi chala. Atachotsa chalacho, padatsala kadzenje kosabwerera. "Ine ndine mlendo pano," anatero osadzutsa mutu. "Amene anandibweretsa anandisiya. Ndinganene chiyani m'nyumba ya eni?"

A Daka anadzuka, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo sanathirenso madzi, koma sanakwerenso njinga. Ankangokhala kuseri kwa nyumba buku la mapemphero lili pamwendo, losatsegula.

Zelipa anaika chiyembekezo chake chonse pa Gerson. Ankadziuza kuti akangomva, adzakwiya ngati anyamata a m'mabuku aja, adzalowa mu ofesi ya a Zimba osagogoda, ndipo madzulo ake malole adzakhala akukhotera kwawo, iye ali kutsogolo pa njinga yamoto. Gerson anabweradi Loweruka, atavala malaya oyera, akununkhira sopo. Anakumana pansi pa mtengo wa mango wa kunjira, pamene ankakumana nthawi zonse.

Atamva, Gerson anakhala pa njinga yake n'kugwira mutu.

"Wauzapo ndani?"

"Iwe wekha."

"Zikhale choncho."

"Wati chiyani?"

"Zeli, tamvera. Mwezi uliwonse ndimasaina pepala lonena kuti ndayendera minda, ndaona kuti zimene bokosi likulemba zikugwirizana ndi zimene zili pansi. Januwale ndinasaina. Febuluwale ndinasaina."

"Koma unabwera! Sunaone kuti chimanga chauma?"

"Ndinkafika pa mtengo uno n'kuthera pomwe pano. Ndinkaona iwe." Anayesa kumwetulira. Masiku ena mawu amenewo akanamugoneka Zelipa osadya, akuwabwereza mumtima. Tsikuli anamulowa ngati munga.

"Ndiye ukawauze kuti unalakwitsa."

"Andichotsa tsiku lomwelo. Kwathu ku Nabvutika anthu asanu ndi atatu amadya pa dzanja langali. Ndiponso tinagwirizana chiyani ine ndi iwe? Ndinayankhula kale ndi mayi wa kalasi ya kompyuta, akulandira mu Meyi. Ukufuna tizitaye zonsezo? Dikira pang'ono. Mu Epulo alembanso mndandanda wina."

"Dolika safika Epulo."

"Usamayankhule choncho. Ana amadwala n'kuchira." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa paketi ya mabisiketi ndi buku lina lokutidwa ndi nyuzipepala. "Ukamupatse awa."

Zelipa analandira mabisiketi. Buku analisiya m'manja mwake.

"Ndifunse chimodzi, Gerson. Bokosi likalemba zinthu zosatheka, amatani?"

"Zosatheka ngati chiyani?"

"Ngati mvula ya chaka chonse tsiku limodzi."

"Aa, zikatero kompyuta ya ku Lusaka imaika chizindikiro chofiira. Azungu amene anagula mabokosiwa amaimba lamya nthawi yomweyo. Timayenera kufika pasanathe masiku atatu, ndi abwana omwe. Bwanji?"

"Palibe. Chikomekome cha mkuyu," anatero Zelipa, n'kutembenuka osamaliza mwambiwo. Gerson anamuitana kawiri. Sanacheuke, ngakhale kuti miyendo inkafuna kubwerera.

Lamulungu sanapite ku Misa. Anasenza ndowa kupita kumtsinje, anafukula mchenga mpaka chigongono, n'kumadikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono, akuwatunga ndi chipande. Ndowa inadzaza dzuwa litapendeka. Atafika kunyumba anazondotsa mtondo, anakatola kapu yofiira ija.

"Nawenso?" anatero a Ketilina. "Misala imeneyi ndi ya m'magazi?"

"Amayi khumi ndi mmodzi tinayenda wapansi mpaka m'tauni, sanatimve. Amamva bokosi lokha. Ndiye lero lilira mpaka abwere. Akabwera adzati lawonongeka, adzati manambala onse aja anali abodza. Dzina la atate silitchulidwa."

A Ketilina anayang'ana ndowa, anayang'ana mwana wawo. "Madzi onsewa?"

Sesiliya anamugoneka Dolika pamphasa. Anadzuka, ananyamula ndowa ija n'kuiimika pamutu pake pafupi ndi mtondo, kuti Zelipa azitunga osatsika. "Thirani, alamu," anatero.

Sizinali zothira mofulumira, kasupuni kakanalephera kuwerenga. Anathira kapu ndi kapu, kamtsinje kakang'ono ngati ulusi. Kha! Kha! Kha! Mkono wa Zelipa unachita dzanzi, khosi la Sesiliya linanjenjemera, koma sanatule. Madzi ankatuluka pansi pa bokosi n'kugwera mu beseni limene a Ketilina anabweretsa mwakachetechete, kuti angatayike. Kuseri kwa nyumba a Daka ankamva kulira kulikonse. Sanatuluke.

Lolemba kunali zii. Dolika anakana phala, anakana ndi bisiketi yonyika m'madzi. Lachiwiri m'mawa anayamba kupuma modukizadukiza. Apo ndi pamene a Daka anatulutsa njinga. Anamukweza Sesiliya kumbuyo mwana ali kumsana, n'kupalasa kulowera kuchipatala, chipewa cha pulojekiti chitagwera m'fumbi osachitola. Dzuwa lisanafike pamutu anabwerera. Sankapalasanso, ankakankha. Sesiliya ankayenda pambuyo, chitenje atachikokera mpaka kuphimba mutu wa mwana.

Galimoto inafika Lachitatu, anthu atangobwera kumene kumanda. Inali yoyera, yaitali, ya waya wogwedera pamwamba. Inaima pafupi ndi masamba amene anayala panjira posonyeza maliro. Munatuluka a Zimba, Gerson ndi munthu wina wonyamula chikwama cha zitsulo. Anthu amene anakhala m'bwalomo, amuna uku akazi uku, onse anacheukira kunjira.

A Zimba anavula chipewa. Nkhope yawo inali itasintha kale, chifukwa kuchokera pa msewu waukulu anadutsa m'minda youma yokhayokha. "Pepani, sitinadziwe kuti pali zovuta. Tabwera kudzaona bokosi."

"Bokosi," anatero a Getrude ali pansi pomwepo. "Mwamva, azimayi? Bokosi ladwala Lolemba, Lachitatu galimoto yafika. Ife tinalakwa kubadwa ndi miyendo. Tikanabadwa ndi waya pamutu."

Palibe anaseka. A Zimba anayang'ana pansi. Munthu wa zitsulo uja anakwera pa mtondo n'kutsegula bokosilo, Gerson akumuthandiza, maso ake akuthawa kumene kunakhala Zelipa.

"Likuoneka kuti lawonongeka, abwana," anatero Gerson mokweza, kuti onse amve. "Kasupuni kamadzigwera kokha. Mwina kanayamba kale, mu Januwale. Zimachitika ndi makina."

Anthu anang'ung'udza. Zelipa anatulutsa mpweya umene anausunga masiku atatu. A Ketilina anamugwira dzanja n'kulifinya. Zinatheka. Mlandu unagwera chitsulo, ndipo chitsulo sichiwotchedwa nyumba.

"Silinawonongeke."

Anali a Daka. Anadzuka pakati pa amuna, maondo a buluku ali ndi dothi la kumanda.

"Atate ake Abel, khalani pansi," a Ketilina anachonderera. "Ndi chisoni ichi, abale, musawamvere."

"Ndisiyeni, amake Abel. Ndaika amayi anga kawiri m'moyo uno, ndipo kachiwirika ndawakumbira ndekha. Ndikanamiziranso chitsulo, ndidzakapemphera bwanji?" Anatembenukira kwa anthu. "Bokosi ili silinaname. Linalemba zimene linamwa. Ndine ndinkalithira madzi, kapu imodzi m'mawa uliwonse, kuyambira mu Januwale. Malole anatidutsa chifukwa cha ine. A Alfonsi, mdzukulu wanu uja. A Getrude. Mtengwa wanga. Ndi ine."

Bwalo linaphulika. Mwana wa a Alfonsi, amene anaika mwana wake masabata awiri apitawo, anadumpha atatola chikuni, amuna atatu n'kumugwira. Amayi ena anayamba kulira mokweza, ena kutukwana. A Daka sanasunthe, anangoima manja ali m'mbali ngati munthu wodikira mvula imunyowetse.

"Tangokhalani chete!" A Getrude anaimirira. "Mlandu suwola, wa a Daka tidzaukamba tikasesa. Koma abwana, musaime apo ngati mlendo wongodutsa. Mkuluyu anathira kapu, inde. Nanga amene anakhulupirira kapu n'kukana anthu khumi ndi mmodzi ndani? Phesi lija ndinakusiyirani patebulo. Munalitaya?"

"Ndinalitaya, amayi," anatero a Zimba motsitsa mawu. Anayang'ana Gerson nthawi yaitali, Gerson n'kuwerama. "Ndiimba lamya lero lomwe. Koma ndisakunamizeni, nkhokwe yathu yatsala pang'ono kutha. Chimene ndingapeze chifika sabata yamawa."

"Sabata yamawa," anabwereza Sesiliya ali pakhomo la nyumba.

Munthu wa zitsulo uja anayamba kumasula bokosi pa mzati. A Daka atamva kulira kwa sipanala anatembenuka msanga, n'kupita kukagwira mzatiwo.

"Abwana, njinga tengani, ili apo. Koma lisanachoke, ndikupempha chimodzi. Liloleni lilembe kalata imodzi yokha. Lilembe kuti Abel Daka, mwana wako Dolika wamwalira, taika Lachitatu."

A Zimba anayang'ana Gerson, Gerson anayang'ana Zelipa. Zelipa anadzuka n'kupita kwa atate ake.

"Atate, silitha kulemba mawu. Limalemba manambala okha."

"Koma dzina limalemba. Ndili nalo pepala." Anatulutsa buku la mapemphero n'kufunyulula pepala lija. M'mopindika monse linali litayamba kung'ambika. "Ili. Daka. Limafika ku Lusaka dzuwa lisanakwere. Sichoncho, Gerson? Si iwe unandiuza?"

"Limafika, atate," anatero Gerson.

"Ndiye amaliona ndani kumeneko?"

Anayankha ndi a Zimba. "Palibe, bambo. Limalowa mu kompyuta, kompyuta imaphatikiza manambala. Dzinalo palibe munthu amaliwerenga."

A Daka anayang'ana pepala lija ngati akuliona koyamba. Kenaka anakhala pansi, pafumbi, msana atatsamira mzati wopanda bokosi. A Ketilina anakwawa ndi maondo mpaka pamene anali.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala nanu," anatero akulira. "Ndinakutukwanani kuti ndi njinga, inu osakana. Ngati sinali njinga, chinali chiyani? Munkafuna chiyani, atate ake Abel?"

"Kalata zisanu ndinamutumizira Abel ku positi, zonse zinabwerera," anatero a Daka. "Ndiye ndinkati, Lusaka ndi mudzi waukulu, koma munthu saphonya dzina la atate ake. Ndinkati tsiku lina adzadutsa pamene amazipachika, adzaona Daka, Daka, Daka, m'mawa uliwonse, adzadziwa kuti mkulu uja akadali moyo, akadali pomwe paja. Likakhala chete adzati ndinafa." Anapukuta m'maso ndi pepala lomwe lija. "Sindinkafuna mvula ya bodza ine, amake Abel. Ndinkafuna mwana wanga abwere kunyumba."